WSUS ndi VAMT: kodi zimanenadi zoona pa ma update ndi malaisensi a makompyuta a kampani?

Munthu wosamalira makompyuta a kampani amafunsidwa mafunso awiri kawirikawiri, ndipo onse amamveka ngati apafupi. Ndi makompyuta angati amene alandira update ya Windows ya mwezi uno? Nanga Windows ndi Office zili ndi laisensi yogwira ntchito pa kompyuta iliyonse, ndipo ndi laisensi ya mtundu wanji? Makompyuta akakhala khumi mutha kungoyenda desiki ndi desiki. Akafika 80 kapena 300, ena ali kunthambi, ena ali m'zikwama za antchito oyendayenda, miyendo siithandizanso.

Microsoft ili ndi zida ziwiri zakale zoyankhira mafunsowa popanda kugula china chapadera. WSUS, dzina lake lonse Windows Server Update Services, imabwera mkati mwa Windows Server ndipo imayang'anira ma update. VAMT, kapena kuti Volume Activation Management Tool, imapezeka mu Windows ADK yomwe mumakopera kwaulere, ndipo imayang'anira malaisensi. Maganizo athu ndi akuti zonse ziwiri ndi zida zabwino pa makompyuta amene amakhala pa netiweki ya kampani, ndipo VAMT ndi yabwino kuposa mmene anthu ambiri amaiganizira. Koma zili ndi chilema chofanana: zimakuonetsani zimene zinamva komaliza, osati zimene zilipo lero. Wosayang'ana deti la lipoti amagona tulo pamene makompyuta ake ali pamtetete.

WSUS: kuiika n'kosavuta, kuisamalira ndiye ntchito

Mu Server Manager mumawonjezera role ya WSUS, kenako mumasankha database ndi foda yosungira mafayilo. Database ingakhale WID, yomwe imabwera ndi seva, kapena SQL Server. WID imakwanira pa makompyuta mazana angapo, kungoti simungailumikize muli pa kompyuta ina. Chilichonse chokonza database muyenera kuchita pa seva yomweyo. Foda ya mafayilo isakhale pa C:, ndipo ipatseni malo ochuluka, ma GB 200 kapena kuposerapo, chifukwa imakula mwezi ndi mwezi.

Makompyuta amalankhula ndi seva pa port 8530, kapena 8531 ngati mwaika HTTPS. Mumawalozera kumeneko ndi Group Policy yotchedwa Specify intranet Microsoft update service location. Mu policy imeneyi muli mabokosi awiri ofunika. Loyamba ndi kumene kompyuta ikafunseko ma update, lachiwiri ndi kumene izitumizako malipoti. Anthu amalemba bwino loyamba n'kuphonya chilembo chimodzi m'lachiwiri, ndipo zotsatira zake n'zosokoneza: ma update akulowa bwinobwino koma seva siikumva chilichonse. Kompyuta iliyonse imafunsa seva pafupifupi maola 22 aliwonse ngati simunasinthe, choncho musayembekeze kuti makompyuta onse aoneke tsiku lomwelo.

Pa Products and Classifications musachonge chilichonse chimene mwaona. Sankhani Windows 11, "Windows 10, version 1903 and later" ngati mukadali nayo, ndi ma Windows Server amene muli nawodi. Drivers asiyeni. Ndi ochuluka zedi, ndipo ndiwo amatupitsa database mpaka console kuyamba kukwawa.

Tsopano pa zimene WSUS imakuonetsani, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Mukatsegula All Computers, maso amathamangira pa mzati wa Installed/Not Applicable Percentage. Nambala imeneyi imaphatikiza ma update amene alowa ndi amene sakukhudza n'komwe kompyutayo. Tiyerekeze kuti seva ikudziwa ma update 2,000, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mitundu ina ya Windows. Kompyuta imene ikusowa asanu okha ionetsa 99%. Koma ma update a Windows 10 ndi 11 ndi ophatikiza, kutanthauza kuti update imodzi ya mwezi imanyamula zigamba zonse za chitetezo za mwezi umenewo ndi za m'mbuyo. Kusowa imodzi yokhayo ndiye kusowa zonse zatsopano. Kompyuta ya 99% ingathe kukhala kuti yatsalira miyezi itatu.

Choncho dinani kumanja pa mitu ya mizati n'kuonetsetsa kuti Needed Count, Failed Count, Last Status Report ndi Last Contact zikuoneka. Ziwiri zomalizazi n'zosiyana. Last Contact ndi pamene kompyuta inagogoda pa seva komaliza, pomwe Last Status Report ndi pamene inanenadi zimene ili nazo. Kompyuta imene inagogoda dzulo koma lipoti lake ndi la milungu isanu ndi umodzi yapitayo ili ndi vuto mkati mwake, ndipo zonse zimene mukuwerenga za iyo ndi zakale. Sanjani mndandanda potengera Last Status Report, zakale kwambiri pamwamba, ndipo yambani ntchito pamenepo. Iliyonse imene yakhala chete masiku oposa 14 muione ngati yosadziwika, ngakhale nambala yake ikhale yokongola bwanji.

Pali msampha wina woopsa kuposa umenewu. Seva ikalephera kukoka mndandanda watsopano kuchokera ku Microsoft, makompyuta onse amaoneka ngati ali bwino, Needed Count pa ziro, chifukwa sevayo siikudziwa kuti kunja kwatuluka china. Microsoft imatulutsa ma update a chitetezo pa Lachiwiri lachiwiri m'mwezi, tsiku limene amalitcha Patch Tuesday. Mawa lake tsegulani Synchronizations muone ngati kukoka komaliza kunatheka ndipo kunabweretsa ma update atsopano. Mukapeza ziro pa New Updates pa sabata imeneyo, musasangalale, fufuzani.

Mavuto atatu amabwera pafupifupi pa WSUS iliyonse, ndipo ndi bwino kuwadziwiratu.

Loyamba ndi la makompyuta amene amaoneka n'kusowa. Munaika Windows pa makompyuta 30 kuchokera pa image imodzi (kope la Windows yokonzedwa kale), koma console ikuonetsa imodzi yokha, ndipo dzina lake likusintha tsiku ndi tsiku. Chifukwa chake n'chakuti onse anatengera nambala imodzi ya SusClientId, ndiye seva ikuwaona ngati kompyuta imodzi imene ikungosintha dzina. Pa kompyuta iliyonse imitsani service ya wuauserv, fufutani SusClientId ndi SusClientIdValidation mu registry pa HKLM\SOFTWARE\Microsoft\Windows\CurrentVersion\WindowsUpdate, yatsaninso service, kenako lamulani kuti ifunse seva ndi UsoClient StartScan. Ipanga nambala yakeyake. Mukonzenso image yoyambayo, apo ayi vutoli libweranso ndi gulu lotsatira.

Lachiwiri ndi console imene imagwa n'kukuonetsani batani la Reset Server Node, makompyuta nawonso akulandira 0x80244022. Nthawi zambiri ndi WsusPool mu IIS, seva ya webu ya Windows imene WSUS imadalira. Malire ake a memory amayambira pa 1,843,200 KB, omwe ndi ochepa pa ma update a masiku ano, ndipo akadzaza pool imaima. Mu IIS Manager pitani ku Application Pools, WsusPool, Advanced Settings, kwezani Private Memory Limit kufika pa ma GB 4 kapena kuposerapo, kapena ikani 0 kuti pasakhale malire ngati seva ili ndi RAM yokwanira. Queue Length ichotseni pa 1000 ifike pa 2000. N'zodandaulitsa kuti patatha zaka zonsezi WSUS ikubwerabe ndi malire amenewa.

Lachitatu ndi uve. Mwezi uliwonse muyenera kukana ma update amene alowedwa m'malo ndi atsopano, kuyendetsa Server Cleanup Wizard kapena lamulo la Invoke-WsusServerCleanup, ndi kukonzanso ma index a database. Mukalekerera chaka chathunthu, wizard yoyeretsayo imalephera kumaliza, ndipo makompyuta atsopano amayamba kugwa ndi 0x80244010 chifukwa mndandanda woti auwerenge watalika kwambiri. WSUS yofika pamenepa nthawi zina n'kwapafupi kuimanganso kusiyana n'kuichiritsa.

Malipoti ake osindikiza ndi ofooka. Kuti atseguke n'komwe muyenera kuika kaye Report Viewer 2012 ndi System CLR Types ya SQL Server 2012, ndipo akatseguka amachedwa ndipo amatuluka masamba ambirimbiri. Get-WsusComputer mu PowerShell imakupatsani zomwezo mofulumira, zokonzeka kupita mu Excel. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu Malichi 2023 ma update a Windows 11 22H2 ndi zotsatira zake amafika pa WSUS mwa njira yatsopano yotchedwa UUP (Unified Update Platform), ndipo IIS iyenera kudziwa mafayilo a .wim ndi .msu pa MIME types. Seva imene ikulandira ma update ake imadziikira yokha zimenezi, koma pa seva yotsalira muziyang'ana.

Mu Sepitembala 2024 Microsoft inalengeza kuti yasiya kuwonjezera zatsopano pa WSUS. Ikugwirabe ntchito, ikulandirabe ma update, ndipo ilimo mu Windows Server 2025. Koma zilema zimene tatchulazi zikhala choncho mpaka kalekale, ndipo amene akuyamba kumene ayenera kudziwa zimenezi asanathirepo mphamvu zambiri.

Umboni weniweni uli pa kompyutayo

Njira yodalirika kwambiri yotsimikizira zimene WSUS ikunena ndi nambala ya build. Mu registry pa HKLM\SOFTWARE\Microsoft\Windows NT\CurrentVersion muli CurrentBuild ndi UBR. CurrentBuild imakuuzani mtundu wa Windows: 19045 ndi Windows 10 22H2, 22621 ndi Windows 11 22H2, 22631 ndi 23H2, 26100 ndi 24H2, 26200 ndi 25H2. UBR ndi nambala ya pambuyo pa kadontho, imene imakwera update ya mwezi ikalowa n'kumalizika. Iyerekezeni ndi nambala imene Microsoft yalemba pa mbiri ya ma update a mtundu umenewo, basi mwadziwa mwezi umene kompyutayo yafikapo. Musadalire ProductName ya pamalo omwewo, chifukwa imalembabe "Windows 10" ngakhale pa Windows 11. Anthu ambiri atulutsapo malipoti olakwika chifukwa cha kamzere kameneka.

UBR imagwiranso makompyuta amene update inalowa koma sanayambitsidwenso. Wantchito amadina Shut down madzulo aliwonse n'kumaganiza kuti zakwanira, koma Fast Startup ikakhala yoyaka kuzimitsa koteroko sikumalizitsa update, pamafunika Restart. Kompyuta yotere imakhala ndi RebootPending pansi pa Component Based Servicing mu registry, ndipo UBR yake imakhalabe yakale. Ngati update ikugwa ndi 0x80073712 kapena 0x800F081F, mafayilo a Windows yeniyeniyo ndi amene aonongeka. Yendetsani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, kenako sfc /scannow, ndipo zikakanikabe werengani C:\Windows\Logs\CBS\CBS.log. Pa kompyuta yolozeredwa ku WSUS, DISM imatha kusowa kotenga mafayilo, ndiye ipatseni ISO ya mtundu womwewo kudzera pa /Source.

Nambala ya build imathandizanso pa china chimene WSUS sichenjeza. Windows 11 Pro imathandizidwa miyezi 24 pa mtundu uliwonse, Enterprise ndi Education miyezi 36. Nthawi ikatha, kompyuta imasiya kupatsidwa ma update a mwezi, ndipo pa WSUS imaoneka yoyera, yosasowa kanthu. Windows 11 23H2 Pro inafika pamenepa mu Novembala 2025.

VAMT: chida chimene anthu amachiiwala

Poika VAMT yendetsani setup ya Windows ADK n'kuchonga VAMT yokha. Zina zonsezo simukuzifuna. Imafuna SQL Server, ndipo Express yaulere ija imakwanira. Ikatseguka mumaiuza kuti ifufuze makompyuta mu Active Directory, mu workgroup, ndi funso la LDAP, kapena polemba mayina ndi ma IP. Pamenepo yangodziwa mayina chabe. Muyenera kusankha makompyutawo n'kudina Update license status kuti ikawafunse mmodzimmodzi.

Imafunsa kudzera pa WMI (Windows Management Instrumentation), njira ya Windows yofunsira kompyuta muli patali, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Pamafunika akaunti yokhala ndi mphamvu za administrator pa makompyutawo, ndi firewall yotsegulira malamulo a Windows Management Instrumentation. Ngati pakati pali firewall ya netiweki, ilole TCP 135 ndi ma port a RPC a pakati pa 49152 ndi 65535, kapena muwachepetse ndi policy. Makompyuta a workgroup amafunanso LocalAccountTokenFilterPolicy yoikidwa pa 1 mu registry, apo ayi amakana ngakhale pasiwedi ili yolondola. Uthenga wa "RPC server is unavailable" kawirikawiri umatanthauza firewall, kompyuta yozima, kapena DNS imene ikulozabe ku IP yakale.

Zikayenda, chimene mumapeza n'chabwino ndithu. Mzere uliwonse umaonetsa kompyuta, pulogalamu, zilembo zisanu zomaliza za kiyi, mtundu wa kiyiyo, ndi mmene laisensi ilili. Mumatha kusankha makompyuta 40, kuwaikira kiyi watsopano ndi kuyatsa laisensi yawo (activation) onse pakamodzi muli pampando wanu.

Pa makiyi a MAK, VAMT ilibe inzake. Kiyi wa MAK ali ndi chiwerengero cha maulendo amene angayatse kompyuta, ndipo ulendo uliwonse umadya chimodzi. Mukamulowetsa mu VAMT n'kudina Refresh product key data online, imafunsa ku Microsoft n'kukuonetsani otsala. Popanda zimenezi mumangodzidzimuka ndi 0xC004C020 tsiku limene chiwerengero chatha. Chimene chimadya kwambiri ndi kufufuta ndi kuikanso Windows pa kompyuta yomweyo. Njira yopulumutsira ndi proxy activation. VAMT imatenga Installation ID ya kompyuta, imaitumiza ku Microsoft, imalandira Confirmation ID, n'kuisunga mu database. Mukadzaikanso Windows pa kompyutayo, zipangizo zake zisanasinthe, mumaika kiyi yemweyo n'kubwezeretsa Confirmation ID yosungidwa ija, osadya china. Njira yomweyi imathandiza makompyuta amene saloledwa kufika pa intaneti, monga a m'labotale kapena oyendetsa makina a m'fakitale: mumatulutsa fayilo ya CILX, mumapita nayo pa VAMT ina imene ili ndi intaneti, mumabwera ndi mayankho. Dziwani kuti makiyi onse athunthu amakhala mu database imeneyi, choncho musalole aliyense kuifikira.

Pa KMS (Key Management Service), pamene seva ya kampani ndiyo imayatsa malaisensi a makompyuta, VAMT imakuonetsani zotsatira, koma kuti mumvetse chifukwa chake muyenera kudziwa malamulo ake. Seva ya KMS siyamba kuyatsa Windows ya pa desiki mpaka makompyuta 25 osiyana ataifunsa; pa Windows Server ndi pa Office ya volume amakwana asanu. Kompyuta ikayatsidwa imapatsidwa masiku 180, ndipo imayesa kuwonjezera masiku asanu ndi awiri aliwonse. Yosayatsidwa imayesa maola awiri aliwonse. Imapeza seva kudzera pa DNS, pa record ya _vlmcs._tcp, ndipo imalumikiza pa TCP 1688. Seva imasunga nambala yapadera ya kompyuta iliyonse, yotchedwa CMID, masiku 30, ndiye kampani imene ili ndi makompyuta 27 itha kutsika pansi pa 25 anthu angapo akapita kutchuthi.

Manambala a zolakwika amalozera malo enieni. 0xC004F038 ndi chiwerengero chosakwana. Mukaiona muli ndi makompyuta ambiri, ndiye kuti image yanu sinadutse pa sysprep /generalize, ndipo onse akufika ku KMS ndi CMID imodzi; ndi mbale wake wa vuto la SusClientId lija, ndipo gwero lake ndi image yomweyo. 0xC004F074 ndi seva yosafikirika, ngakhale imabweranso wotchi ya kompyuta ikasiyana ndi ya seva maola oposa anayi. 0x8007232B ndi DNS yosapeza record, ndipo imaonekanso pa kompyuta yokhala ndi kiyi wa GVLK (kiyi wamba wouza kompyuta kuti ifunefune KMS) m'kampani imene ilibe KMS n'komwe. Ngati makompyuta anu onse ali mu domain, Active Directory-based activation imachotsa nkhani ya 25 ija ndi ya port 1688, ndipo VAMT imatha kuikhazikitsa. Kwa kampani yaing'ono ndi njira yabwino kuposa KMS.

Chinthu chothandiza kwambiri kuyang'ana pa makompyuta a KMS si mawu akuti Licensed, koma masiku otsala. Kompyuta yathanzi imakhala ndi masiku pakati pa 173 ndi 180. Imene yatsala ndi 90 ikadali Licensed, koma yatha miyezi itatu osalankhula ndi seva, ndipo mukudziwiratu tsiku limene idzayambe kudandaula. Lamulo la cscript slmgr.vbs /dlv limaonetsa zimenezi pa kompyuta imodzi. Pa makompyuta ambiri funsani class ya SoftwareLicensingProduct mu WMI, mutenge mizere yokhala ndi PartialProductKey yokha. LicenseStatus ya 1 ndi yoyatsidwa, 0 ndi yopanda laisensi, 5 ndi imene ikuonetsa kale chenjezo kwa wantchito. GracePeriodRemaining imawerengedwa m'mphindi, ndipo masiku 180 ndi mphindi 259,200.

Zofooka za VAMT n'zoonekeratu. Siidzifunsira yokha, zimene zili pa sikirini ndi za tsiku limene munthu anadina Update license status komaliza, ngakhale patadutsa theka la chaka. Ilibe pulogalamu yaing'ono yokhala pa kompyuta iliyonse, ndiye kompyuta yozima pa ola limene mukufunsa imaphonyedwa, ndipo kudikira zozimazo kumachedwetsa gulu lonse. Mutha kuiyendetsa pa nthawi yoikika ndi Task Scheduler pogwiritsa ntchito Update-VamtProduct, koma module yake imafuna PowerShell ya 32-bit, ndipo wosadziwa zimenezi amataya tsiku. Ikani kuti izifunsa m'mawa anthu atangoyatsa makompyuta, osati pakati pa usiku.

Palinso mfundo imene tikufuna kuitsindika chifukwa makampani amapsa nayo: kompyuta yoyatsidwa si kompyuta yolipiridwa. KMS imayatsa aliyense wofika kwa iyo ndi kiyi wa GVLK, siiwerenga kuti munagula malaisensi angati. Komanso laisensi ya volume ya Windows ya pa desiki ndi yokwezera chabe, imafuna kuti kompyutayo ikhale kale ndi Windows yoyenerera, monga Pro imene inabwera nayo kuchokera kofakitale. Laputopu yogulidwa ndi Home kenako n'kuikidwa Enterprise kudzera pa KMS ioneka Licensed mu VAMT, koma pa kauniuni wa malaisensi iwerengedwa yosakwanira. Kiyi wa kufakitale amasungidwa mu firmware, ndipo mumamuwerenga pa OA3xOriginalProductKey mu class ya SoftwareLicensingService. Mndandanda wa VAMT muziuika pambali pa mapepala ogulira, n'kuwerenga zonse ziwiri.

Pa zotsatira za slmgr.vbs /dlv lija, yang'anani dzina la seva ya KMS imene inayatsa kompyutayo. Likakhala la kunja kwa kampani, kapena IP yoyamba ndi 127, ndiye kuti wina anagwiritsa ntchito pulogalamu yobera laisensi, ndipo mapulogalamu otere kawirikawiri sabwera okha. Kompyuta imeneyo ifufutidwe, iikidwenso bwino. Yendetsaninso nslookup -type=srv _vlmcs._tcp muone ma seva amene akudzitcha KMS pa netiweki yanu. Munthu akaika kiyi wa KMS host pa kompyuta wamba mosadziwa, kompyutayo imadzilengeza mu DNS n'kuyamba kukoka anzake.

Zimene zonse ziwiri sizimaona

VAMT inapangidwira makiyi, ndipo malaisensi ambiri a lero alibe kiyi. Windows Enterprise E3 kapena E5 ya subscription imakweza Pro kukhala Enterprise wantchito akalowa ndi akaunti yake ya Microsoft Entra ID, pa makompyuta osapitirira asanu, bola Pro ya pansiyo ikhale yoyatsidwa. Ikalephera kudzitsimikizira kwa nthawi yaitali imabwerera ku Pro mwakachetechete, ndipo zina za Enterprise zimasiya kugwira. Pofufuza zimenezi yambani ndi dsregcmd /status muone ngati AzureAdPrt ili pa YES. Microsoft 365 Apps nayo imayenda ndi akaunti ya munthu, imafuna intaneti kamodzi pa masiku 30, ndipo mumaiyang'anira mu Microsoft 365 admin center. VAMT imathandiza pa Office ya volume yokha, monga Office LTSC.

Malaputopu oyendayenda ndi vuto la zida zonse ziwiri. Popanda VPN safika pa WSUS, sayankha VAMT, ndipo masiku awo a KMS amangotsika. Ngati oposa theka la makompyuta anu amakhala kunja kwa ofesi, Intune, chida cha Microsoft choyang'anira makompyuta kudzera pa intaneti, pamodzi ndi Windows Update for Business reports ndi zoyenera kuposa WSUS, chifukwa kompyuta imatumiza lipoti kulikonse kumene yapeza intaneti. Zimafuna kuti makompyuta akhale mu Entra ID, diagnostic data ikhale pa Required, ndipo pakhale Log Analytics workspace mu Azure. Malipoti ake nawonso amachedwa, ena amatsalira tsiku lathunthu, choncho chizolowezi choyang'ana deti sichitha. Microsoft yokha inanenapo kuti kompyuta imafuna maola awiri otsatizana ndi maola asanu ndi limodzi onse pamodzi ili pa intaneti kuti update ilowe modalirika. Laputopu yoyatsidwa mphindi 20 pa sabata siingafikepo, kaya mugwiritse ntchito chida chanji. Ngati mukusakaniza WSUS ndi ma policy a Windows Update for Business, ikani policy ya Specify source service for specific classes of Windows Updates, kuti makompyuta asamakatenge ma update kumene simukuyembekezera.

Pali malo amodzi pamene mafunso awiri aja amasanduka limodzi. Windows 10 inasiya kuthandizidwa pa 14 Okutobala 2025. Kampani imene ikufunabe zigamba za chitetezo imagula Extended Security Updates (ESU), zomwe zimapezeka kwa zaka zitatu, mtengo wake ukuwirikiza chaka chilichonse, ndipo zimafuna 22H2. Njira yodziwika yoziyatsira ndi kiyi wa MAK. Kiyiyo akapanda kuyatsidwa, kompyuta siilandira ma update a ESU, ndipo pa WSUS itha kuoneka ngati siikusowa kanthu. Apa lipoti la WSUS lokha silikuuzani zoona. Muyenera kuona ngati laisensi ya ESU ya chaka chimenecho ili Licensed pa kompyutayo, ndiponso ngati UBR ya 19045 yakwera mwezi uno. VAMT yatsopano imatha kuika ndi kuyatsa makiyi amenewa pagulu, ndipo pa ntchito imeneyi yokha ikuyenera kuikidwa.

Kwa kampani ya makompyuta 50 mpaka 500 okhala m'maofesi, mu domain imodzi, yokhala ndi munthu amene angapatule theka la tsiku mwezi uliwonse, WSUS ndi VAMT zimakwanira, ndipo WSUS imapulumutsanso intaneti chifukwa update imakopedwa kamodzi m'malo mwa kambirimbiri. Ngati munthu woteroyo palibe, WSUS musaiike n'komwe. Yosasamalidwa imatsekereza makompyuta kulandira ma update amene akanawatenga okha ku Microsoft. Ndipo sizimaona mapulogalamu a makampani ena, monga Chrome kapena Adobe Reader, popanda chida chowonjezera.

Popeza ziwirizi sizilankhulana, ntchito yoziphatikiza ndi yanu. Tulutsani mndandanda wa WSUS, wa VAMT, ndi wachitatu wochokera mu Active Directory ndi Get-ADComputer wokhala ndi LastLogonDate, n'kuzilumikiza pa dzina la kompyuta mu Excel. Mzere uliwonse ukhale ndi build ndi UBR, deti la lipoti la WSUS, mtundu wa kiyi, LicenseStatus ndi masiku otsala. LastLogonDate imatha kutsalira mpaka masiku 14, choncho isiyireni mpata umenewo. Kenako sefani makompyuta amene Active Directory ikuti alowa mwezi uno koma sakupezeka mu WSUS, kapena sanayankhepo VAMT. Amenewo akugwira ntchito, ali pa netiweki yanu, ndipo palibe console imene ikuwawerenga. Kawirikawiri mupeza kuti ali mu OU (gulu la makompyuta mu Active Directory) imene Group Policy ya WSUS siifikako, kapena akadali mu Computers container momwe amagwera akangolowa mu domain, ndipo kuwasamutsira mu OU yoyenera n'kuyendetsa gpupdate /force kumawabweretsa pa mndandanda pofika mawa lake.